Nkhoswe Wobwereka wa Bambo Anga

Ana anga, tsopano ndili pa reforma, ndiye kuti ndinapuma pantchito, ndipo bondo lakumanzere silindilolanso kupalasa njinga. Amayi anu akuti m'malo momangokhala pakhonde n'kumakalipira nkhuku, ndilembe za ntchito yanga kuti mudzaziwerenge ine kulibe. Za ubwana palibe chambiri choti ndinene. Sukulu ndinasiyira kalasi yachitatu, tsiku limene mphunzitsi anandimenya m'zala ndi rula, ine n'kumulanda rulayo n'kuithyola pabondo. Choncho kalembedwe kanga musakaseke kwambiri.

Milange, chaka chotsatira mtendere wa 1992

Titabwerako kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndinayamba ganyu yosenza katundu pamalire. Ndinali ndi mphamvu komanso pakamwa poyabwa. Tsiku lina ndinakangana ndi wamalonda wina amene ananditchula galu, ndipo ndinamuponyera thumba lake la mchere m'matope anthu onse akuona. Ndikupumira m'mwamba choncho, ndinamva wina akuseka kumbuyo kwanga. Anali a Mpinga, katekisita wa parishi yathu, munthu wamfupi wotsimphina mwendo wakumanja. Anandifunsa ngati ndimadziwa Chilomwe, ndinati ndimadziwa. Anandifunsa ngati ndimapemphera, ndinati nthawi zina. Ndiye anati, "Ine ndili ndi njinga koma ndilibe miyendo. Iwe uli ndi miyendo koma ulibe kopita. Ubwere mawa kutchalitchi, Machesi." Dzina la Machesi linandikakamira kuyambira tsiku limenelo, chifukwa ankati ndimayaka ndikangokhudzidwa pang'ono.

Tchalitchi tinachipeza chilibe denga, ndipo mabuku onse a ubatizo ndi maukwati anali atapsa pankhondo. Izi zinali zazikulu kuposa mmene mungaganizire lero. Anthu ambiri anali atatengana kukampu popanda kudalitsa ukwati, ndipo ankafuna kubwerera ku Ukalisitiya. Padre, wansembe wathu, sakanawadalitsa asanadziwe kuti anabatizidwa, kuti sanasiye mkazi kapena mwamuna wina kwinakwake, ndiponso kuti si pachibale. Pepala panalibe, ndiye umboni unatsala m'mitu ya anthu okalamba. Ntchito yathu inali yoyenda mudzi ndi mudzi kukafunsa kuti uyu anabadwa kwa yani, anabatizidwa ndi padre uti, anamugwira pamadzi ndani. A Mpinga ankalemba, ine ndinkapalasa ndi kumasulira pomwe Chilomwe chawavuta.

Zaka za njinga, njira ya ku Molumbo

Zaka zimenezo ndimazisowa, ngakhale tinkavutika. Mapepala atatha tinkang'amba matumba a simenti n'kumalembapo. Chubu chikaphulika tinkachimanga ndi mphira, ndipo chikakanika tinkadzaza udzu m'tayala n'kumapita choncho, a Mpinga akudandaula kumbuyo kuti matako awo atha. Kunjira ya ku Molumbo tinkaponda pokhapokha pamene ena aponda, chifukwa mabomba okwirira anali asanachotsedwe onse. Tinkagona m'matchalitchi a udzu, n'kumadya chinangwa chootcha ndi nandolo amene akhristu atipatsa. Padre wathu woyamba anali mzungu wokalamba wolankhula Chilomwe chopindika, moti amayi ankabisa nkhope m'nsalu kuti asaoneke akuseka. Anali wabwino mtima koma woiwala, ndipo kawirikawiri ankatituma kumudzi umene tinachokako dzulo lake. Wachiwiri anali mnyamata wa ku Quelimane, wokonda dongosolo, amene ankafuna kuti chilichonse chikhale m'Chipwitikizi. Ndinakangana naye kangapo, ndipo kamodzi ndinamusiyira njinga pakhomo n'kunena kuti azipalasa yekha. A Mpinga ndi amene anandilondola kunyumba, osandikalipira, kungokhala pamkeka n'kumacheza ndi amayi anu mpaka ine ndekha ndinachita manyazi.

Kafunsidwe ka a Mpinga kankandipsetsa mtima poyamba. Tikafika pakhomo sankayamba ndi nkhani imene tabwerera. Ankafunsa za mvula, za anankafumbwe, za amene anamwalira kukampu, ine ndikungotukuta thukuta. Ku Molumbo gogo wina anatiyendetsa ndi nkhani ya mbuzi yake mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinamudula kuti, agogo, tikufuna dzina la bambo a mtsikanayu, za mbuzi n'zanu. Gogoyo anatseka pakamwa, ndipo tinabwerera opanda kanthu. Panjira a Mpinga anandiuza chinthu chimene ndinagwira nacho ntchito moyo wanga wonse. Anati munthu ukamufunsa za bambo ake amakuuza zimene anamva, koma ukafuna kudziwa kumene mwamuna anachokera, funa nkhoswe wake. Kuno kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo m'mudzi mwa apongozi ake ndi mlendo mpaka kufa. Amene amadziwa kwawo ndi m'bale amene anamuimira pa chinkhoswe. Choncho tinkafunsa kuti, anamuimira ndani, akali moyo, akukhala kuti. Ndi njira imeneyi tinalumikiza mabanja ambiri amene nkhondo inawamwaza. Nthawi zinanso tinkapeza zowawa, monga mwamuna amene anali ndi mkazi wa kutchalitchi ku Gurue, ndipo tinkamuuza kuti agwire Baibulo anene zoona, ngakhale ukwati uthe.

A Mpinga atamwalira, ntchito yofunsa inatsalira ine, ndipo sisitere wina ndi amene ankalemba zimene ndabweretsa. Ndinenso ndinkaima kutsogolo Lamlungu kulengeza maukwati, kuti ngati alipo wodziwa choletsa anene.

Koma ine mwini, wofufuza mibadwo ya anthu, ndinali ndi bowo. Mwezi wa Novembala akhristu amabweretsa mayina a abale awo omwalira kuti atchulidwe pa Misa. Anzanga ankatchula agogo ndi agogo a agogo. Kuchimuna kwanga ine ndinali ndi dzina limodzi lokha, Antonio, bambo anga, amene anamwalira ndili wamng'ono. Mayi anga ndikawafunsa ankati, bambo ako anabwera kudzagwira ntchito kuminda ya tiyi, anandikwatira, anadwala, anafa. Kwawo ankangoti ndi kumtunda. Nkhoswe wawo anali a Bizueki, amene anati ndi malume awo, koma a Bizuekiwo anawolokera ku Malawi nkhondo isanayambe ndipo palibe ankadziwa kumene ali. Mayi sankaona chosowa, poti mwana ndi wa kuchikazi ndipo abale akuchikazi ndinali nawo odzaza mudzi. Ine ndinkati ndidzawafuna chaka chamawa. Chaka chamawacho chinkandipeza ndili panjinga, ndikufunira ena.

Chaka cha ukwati wa Rozina

Rozina, mwana wanga woyamba, gawo ili ukulidziwa mbali imodzi. Azing'ono ako anali aang'ono ndipo amangomva zidutswa, ndiye ndilemba zonse.

Tomasi anali mnyamata wa ku Molumbo amene ankabweretsa nandolo kumsika wa Milange. Ndinamukonda ndisanafune kumukonda. Anali waulemu, wogwira ntchito, ndipo akaseka iwe unkaseka ngakhale usanamve nkhaniyo. A kwawo anabwera, chinkhoswe chinayenda bwino, ndipo tinayamba kukonzekera ukwati wa kutchalitchi. Bambo ake, a Zowakimu, anabwera kudzapangana za tsiku. Anali wamkulu kwa ine, wamtali, wa mawu aukali. Ndinawafunsa monga ndinkafunsira aliyense, ndipo anati bambo awo anali Paulo Mukhito, amene anathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi iwo ali khanda, osabweranso. Nkhani zotere ndinali nditamva zambiri, ndiye sindinaganize kanthu. Kenaka tinakangana. Iwo ankafuna ukwati uchitike akakolola, ine ndinkafuna mvula isanadule msewu. Mawu anakwera, iwo anaimirira, ine ndinaimirira, amayi anu n'kumatigwira malaya. Tinagwirizana mochita kukokana, ndipo anapita akung'ung'udza.

Alendo atachoka, mayi anga, amene nthawiyo anali okalamba kwambiri, anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Munthu uja akakwiya amakoka khutu lakumanzere. Iwenso umatero. Ine ndinaona anthu awiri okha otero, iwe ndi bambo ako, wachitatu ndi uyu. Ndipo akatembenuka kuti azipita, msana uja ndi wa bambo ako."

Ndinawakalipira mayi anga tsiku limenelo, kuti ukalamba ukuwaonetsa akufa masana. Lamlungu ndinaima kutsogolo n'kulengeza ukwati wa Tomasi ndi Rozina koyamba, mawu anga ali bwinobwino. Koma pobwerera kunyumba ndinadzipeza ndikukoka khutu, ndipo ndinadziwa kuti sindingalengezenso kachiwiri ndisanapeze a Bizueki.

Ndinawoloka malire ku Muloza ndi njinga yanga. Ndinafunsa monga a Mpinga anandiphunzitsira, kuyamba ndi mvula ndi matenda, pamsika, m'matchalitchi, kwa okalamba amene anagwirako ntchito kuminda ya tiyi mbali yathu. Ena ankati anafa, ena ankati anapita ku Thyolo. Mayi wina wogulitsa nthochi ndi amene anandilozera mudzi wina kumunsi kwa phiri. A Bizueki ndinawapeza atakhala padzuwa pakhomo pa mdzukulu wawo, maso atachita khungu, koma mutu uli bwino. Nditanena kuti ndine mwana wa Antonio anandigwira nkhope ndi manja onse, n'kuyamba kuseka. Anandifunsa ngati mayi anga akadali aukali, ndipo tinacheza za tiyi, za akapitawo, za nyimbo zimene ankaimba pothyola. Ndinadikira, ine Machesi, mpaka nkhaniyo inafika yokha. Ndinati ndabwera kwa iwo monga malume a bambo anga, andiuze kwathu.

"Malume ake ndani, ine?" anatero. "Iai, mwanawe. Ine ndine wa ku Phalombe. Tinkagona chipinda chimodzi kukompaundi. Atawaona mayi ako anasowa womuimira, ndiye anandigulira kachasu nati, Bizueki, ukavale jekete ukanene kuti ndiwe malume anga. Jeketeyonso tinabwereka. Ambiri tinkatero masiku amenewo, munthu wothawa akanamutenga kuti m'bale?"

Ndinafunsa kuti ankathawa chiyani. Anati asipayi, apolisi a Apwitikizi aja, ankamufuna chifukwa anamenya kapitawo pantchito ya msewu, ndiye dzina analisiya kwawo n'kutola la Antonio. Kubwerera sakanatha, akanamangidwa. Ndinafunsa dzina lenilenilo.

"Paulo. Paulo Mukhito, wa ku Molumbo. Anasiya mkazi ndi kamwana kakamuna. Akamwa pang'ono ankangolira kuti Zowakimu wanga, Zowakimu wanga, mpaka tinkamutulutsa panja."

Pobwerera njinga sindinaikwere, ndinkangoikankha. Moyo wanga wonse ndinkafuna kudziwa kwa bambo anga, ndipo tsopano ndinali ndi mudzi, dzina, ndi mkulu wanga wa bambo mmodzi. Koma ana a amuna awiri apachibale chotere si asuweni oti n'kukwatirana. Kwathu kuno ndi mlongo ndi mlongo wake. Tomasi ankayenera kunditchula bambo aang'ono, osati apongozi.

Ndinayamba kuuza amayi anu, tili kumunda awiriwiri. Anakhala pansi pamzere n'kunena kuti, "Akudziwa ndani? Nkhalamba yakhungu ya kutsidya ndi inu. Mayina ndi osiyana, midzi ndi yosiyana, anawa sanaleredwe pamodzi. Nsalu tasoketsa, mbuzi ili pachingwe. Mwana wanu mwamuona nkhope yake masiku ano? Khalani chete, bambo a Rozina, kamodzi kokha m'moyo mwanu khalani chete." Musawaweruze amayi anu chifukwa cha mawu amenewa. Ine ndemwe ndinawaganizira kwambiri, ndipo masiku angapo ndinali mbali yawo. Ndinkamuona Rozina akuyesa nsalu ndi anzake kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkati Mulungu andikhululukira. Koma ndikatseka maso ndinkaona anthu onse aja amene ndinawagwiritsa Baibulo, ena akulira, kuti anene zoona ngakhale ziwawonongere ukwati. Ndiponso Lamlungu linali kubwera, ndipo woima kutsogolo kufunsa ngati alipo wodziwa choletsa anali ine, wodziwayo.

Loweruka masana ndinakupeza, Rozina, ukusankha nyemba pa lichero. Ndinakhala pansi pafupi nawe, chinthu chimene sindinkachita, ndipo ndinakuuza zonse kuyambira pa khutu mpaka pa jekete. Sunasiye kusankha. Unangofunsa ngati nkhalambayo singakhale kuti yasokonezeka mutu, ndipo ndinati dzina la Zowakimu inalitchula yokha ine ndisanalinene. Unapita wekha kwa padre, ndipo unabwerako maso akuwala. Padre anakuuza zoona, kuti pa chibale chotere mpingo umaletsa koma bishopu angathe kupereka chilolezo ngati mabanja apempha. Unagwada patsogolo panga n'kunena kuti, "Bambo, mwayendera anthu onse a parishi ino. Ine ndiyendereniko kamodzi. Kapempheni."

Anthu amandidziwa kuti ndikafuna kukana ndimakuwa. Tsiku limenelo ndinalankhula motsitsa. Ndinati, "Mwana wanga, bishopu angalole, koma sangasinthe kuti bambo ake a Tomasi ndi ine tinabadwa kwa munthu mmodzi. Ana ako adzamutchula chiyani Zowakimu? Nanga akadzamva kwa ena? Sindikapempha." Unanyamula lichero n'kulowa m'nyumba. Lamlungu kutchalitchi sunapite. Ine ndinaima kutsogolo n'kunena kuti chilengezo cha sabata yatha chaimitsidwa, ndipo anthu anayamba kunong'onezana mpaka kwaya inachita kuyambitsa nyimbo.

Ku Molumbo ndinapita ndekha. A Zowakimu atamva anayamba ndi kukwiya, kuti ndapeka bodza chifukwa ndikunyoza mwana wawo. Tinakuwirana pabwalo mpaka anthu anasonkhana. Nditanena za munthu wolira dzina lawo kukompaundi, anakhala pansi padothi, munthu wamkulu wa imvi, n'kufunsa kuti, ndiye kuti sanandiiwale? Anandiperekeza kumanda a kwawo n'kundionetsa pamene pagona agogo athu, n'kunditchulira mayina awo mmodzimmodzi. Tomasi anamva ali chiimire kumbali, kenaka anatenga khasu n'kupita kudimba, ndipo sindinamuonenso tsiku limenelo.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Rozina anapita ku Mocuba kwa azakhali anu mvula isanayambe, ndipo anakhala zaka zambiri asanakwatiwe. Lero ali ndi banja lake ndi ana awiri, amatitumizira mafuta ndi sopo, amandipatsa moni waulemu, koma za chaka chimenechi sitinakambiranepo. Tomasi anakwatira kwawo konko. Ine ndinagwirabe ntchito mpaka parishi inagula kompyuta ndi njinga yamoto, ndipo bondo linandiuza kuti basi. Rozina, sindikulemba kuti unene kuti ndinachita bwino. Ine ndemwe masiku ena sindidziwa. Ndikufuna udziwe kuti ndinafunafuna njira ina ndipo sindinaipeze.

Koma Rozina asanapite ku Mocuba panachitika chimene ndikufuna azing'ono ake adziwe za mkulu wawo. A Zowakimu anatumiza uthenga kuti akufuna kudzaona manda a bambo awo, ndipo anabwera ndi akazi awo ndi Tomasi. Tinapita kumanda m'mawa, tinalambula, padre anapemphera, ndipo mayi anga anawauza a Zowakimu mmene bambo athu anafera ndi zimene ankakonda kudya. Chakudya cha alendo panalibe china koma mbuzi ija ya ukwati, ndiye tinaipha. Rozina anali atadzitsekera m'nyumba kuyambira m'mawa, ndipo ndinauza amayi anu kuti asamukakamize. Titakhala pamkeka kudikira chakudya, chitseko chinatseguka. Anatuluka atanyamula beseni ndi jagi ya madzi, maso otupa, mpango uli kumutu. Anagwada kwa a Zowakimu n'kuwathirira madzi m'manja, n'kunena kuti sambani, bambo aakulu. Anabwera kwa ine, anandithirira osandiyang'ana. Kenaka anafika pa Tomasi, amene anali atawerama, manja ali pamawondo. Rozina anagwada patsogolo pake, jagi ili m'manja.

"Sambani, achimwene," anatero.

Tomasi anatambasula manja.